Sikelo ya Kumapeto

Fakitale ya mtedza ya ku Chisemphere inali chigafa cha fodya kale. Eni esiteti ataona kuti fodya sakuyendanso monga ankayendera, anagwetsa mitengo yopachikapo masamba, nakweza zipupa ndi malata, n'kuikamo makina oswa mtedza. Kunja kwa mpanda minda ya fodya inali ikadalipo, yotambalala mpaka polekezera maso, ndipo mwezi wa Okutobala matenanti ankalawirira kudambo ndi zitini kukathirira nazale. M'kati mwa fakitale munali phokoso, fumbi lofiira ndi kutentha kwa malata.

Sellah ankagwira ntchito kumapeto kwenikweni kwa nyumbayo, kuseri kwa milu ya matumba, kumene kunalibe zenera. Thumba likasokedwa, amuna awiri ankaliika pa sikelo yake, iye n'kuloza tabuleti pa kapepala ka pathumbapo, ndipo kulemera kwake kunkayenera kupita kokha ku kompyuta ya ku ofesi. Masikelo ena awiri anali pafupi ndi khomo lalikulu, pamene pankadutsa mphepo ndi anthu. Yake ankangoitchula kuti sikelo ya kumapeto.

Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ku Kasungu pa lole pamodzi ndi mwamuna wake Lemani ndi mabanja ena, kudzalima fodya wa bale ngati matenanti. Atalima nyengo zingapo Lemani anati utenanti ndi kutunga madzi ndi dengu, nanyamuka kupita ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba foni. Kenako nambala yake inayamba kuyankhidwa ndi mawu a m'makina, ndipo pamapeto pake inangoti zii. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dorika, Sellah anamutumiza kwa mkulu wake Ezelina ku Phalombe, chifukwa pa esiteti sukulu inali kutali ndipo ana a matenanti ankangothera kusoka fodya. Mwanayo anachoka mano ake a ubwana asanayambe n'kugwedezeka komwe.

Ntchito ya pa sikelo anaipeza chifukwa anafika Fomu 2 ndipo manambala sankamuvuta. Anzake a pantchito anali a midzi yozungulira. Akamacheza ankasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo iye akayesa kuponyapo mawu ankaseka katchulidwe kake ka kummwera. Sankamuseka mwachipongwe, komabe anazolowera kungomwetulira osayankha. Belu lowerukira likalira iwo ankakwera njinga kupita kwawo, iye n'kutsika wapansi kupita ku kachipinda kake ku mdadada wa nyumba zakale za matenanti.

Vuto linayamba mtedza utachuluka. Tabuleti ya Sellah inayamba kukana kutumiza. Akaloza pathumba, pagalasi pankangozungulira kanthu, kuzungulira, kuzungulira, kenako n'kulemba kuti netiweki palibe. Amuna onyamula aja ankakhala pamatumba n'kumamuyang'ana. Iye ankanyamula tabuleti m'mwamba ngati mbale ya chopereka, n'kuyenda nayo fakitale yonse kudutsa pakati pa milu, mpaka pafupi ndi khomo la ofesi. Pamenepo inkatumiza zonse nthawi imodzi. Akabwerera ankapeza matumba ataunjikana, ndipo lole ikudikira panja.

Kapitawo, bambo Mwavi, anabwera kudzaima pafupi ndi sikelo tsiku lina, manja ali kumbuyo.

"Mayi Sellah, masikelo enawa akuyenda bwinobwino. Bwanji yanu yokha?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndikudina monga anatiphunzitsira."

"Kapena zala zanu sizinazolowere zinthu zimenezi. Si mlandu. Koma pageti paja pamabwera atsikana a Fomu 4 tsiku lililonse kudzafunsa ntchito, ndipo abwana amawaona."

Sellah anatembenukira ku thumba limene linali pa sikelo. Madzulo ake anasamba m'manja ndi sopo kawiri, n'kuyang'anitsitsa nsonga za zala zake zong'aluka ndi fodya wa zaka zija. Anayamba kukhulupirira kuti mwina galasi la tabuleti silimva zala zotero.

Sabata yotsatira kunabwera munthu pa kabaza wa njinga yamoto, atabereka chikwama chakuda. Anali wamtali, woonda, wa zaka ngati za Lemani. Anamutuma ndi a kampani ya ku Lilongwe imene inaika netiweki m'fakitalemo. Dzina lake linali Elliot, koma dzuwa lisanalowe antchito anali atamupatsa kale dzina loti a Netiweki. Ankayenda pang'onopang'ono pakati pa matumba, laputopu yotsegula ili pamkono, maso ali pagalasi, kuima, kubwerera m'mbuyo, kuimanso, ngati munthu wofufuza pokumba chitsime.

Anafika ku sikelo ya kumapeto dzuwa litapendeka. Anayenera kukuwa kuti amveke pa phokoso la makina.

"Ndinu mwini wake wa malo ovutawa?"

"Ndine. Mwina ndi manja angawa, achimwene."

"Tabwerekeni."

Anatenga tabuleti, naloza yekha pathumba. Kanthu kaja kanazungulira chimodzimodzi. Anamubwezera.

"Ndiye kuti angawanso ndi oipa," anatero. "Si manja anu, achemwali. Kuno netiweki ikufika yotopa."

Anaima pang'ono akumuyang'ana.

"Malankhulidwe anuwa si a kuno. Kwanu ndi kummwera?"

"Ku Phalombe. Kuseri kwa Michesi."

"Ine wa ku Chiradzulu, ku Namitambo. Ndiye kalongonda mukumupeza kuti kuno?"

Sellah anaseka, n'kudzidzimuka ndi kuseka kwakeko. Panali patapita nthawi yaitali asanamve munthu akutchula kalongonda, nyemba za kwawo zija.

Masiku otsatira Elliot ankathera nthawi yambiri kumapeto kumeneko. Sanali wolankhulalankhula, koma akafunsidwa ankafotokoza mosanyoza. Anamusonyeza timabokosi tiwiri toyera timene tinkaulutsa netiweki. Kena kanali pamwamba pa khomo la ofesi. Kena kanali pamtanda wa denga, pamwamba pa makina oswa mtedza, ndipo n'kamene kankayenera kutumikira sikelo ya kumapeto.

"Netiweki ili ngati mawu a munthu," anatero nthawi ya nkhomaliro makina atazima. "M'nyumba ya njerwa mumamvana bwino. Koma muno zipupa ndi malata, denga ndi malata. Mawu akagunda malata amabwerera, n'kusokonezana ndi ena amene akubwera. Matumbawanso amawameza. Lero mulu uli apa, mawa mwausamutsira apo, ndiye njira imene inalipo dzulo lero yatsekeka."

"Ndiye mupanga bwanji?"

"Ndiyesa kukweza mawu."

Anakweza mphamvu ya timabokosi tija, koma zinthu zinaipiraipira. Tabuleti inayamba kudumphadumpha pakati pa timabokosi tiwirito osagwira ngakhale kamodzi, ndipo masikelo a kukhomo nawo anayamba kudandaula. Anabweza momwe zinalili. Tsiku lina anabwereka makwerero aatali, nakwera mpaka kudenga kumene kutentha kwake munthu sangakhaleko nthawi, natsitsa kabokosi ka pamtanda. Atakatsegula anapeza fumbi la mtedza litagwirana ngati thonje, ndipo pakona mavu anali atamangapo kanyumba ka dothi. Anakapukuta bwinobwino n'kukabwezera. M'mawa mwake kanagwira ntchito nthawi ya mapemphero ndi yosesa, koma ntchito itangoyamba kanasiya. Anaitanitsa kabokosi katsopano ku Lilongwe. Kanabwera pa minibasi patapita masiku, ndipo nako kanachita chimodzimodzi.

Sellah ankamuona akutuluka panja foni ikalira, n'kukaima pansi pa mtengo wa mthethe kumayankha mawu amodzimodzi: inde bwana, ndamva bwana. Akabwerera nkhope inali itagwa. Ankagona m'kachipinda ka alendo kuseri kwa ofesi ya esiteti, ndipo madzulo Sellah akamatsika kupita kwawo ankamuona atakhala pakhonde yekha, atavula nsapato, akudya mabanzi ndi tiyi wa m'fulasiki.

Anthu anayamba kulankhula. Malita, mayi wosoka matumba amene ankamupatsako moni tsiku ndi tsiku, anamukokera pambali ku mpopi.

"Anzanga, ndikuuzeni monga mnzanu. A Mwavi akuti netiweki siichira chifukwa a kummwera awiri apezana. Akuti mlendoyo sakufuna kumaliza."

"Ine ndili pabanja, a Malita."

"Ine ndikudziwa. Koma pakamwa pa anthu simungatseke. Ingochenjerani."

Kuyambira tsiku limenelo Elliot akafika ku sikelo, Sellah ankayankha mwachidule maso ali pamatumba. Nkhomaliro ankakadyera kuseri kwa thanki ya madzi. Elliot anazindikira. Ankangopereka moni n'kupitiriza kuyenda ndi laputopu yake.

Chinali chaka chachiwiri chogula feteleza wotsika mtengo ndi chitupa cha unzika m'malo mwa makuponi. Kumayambiriro kwa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumadzulo, kunamveka kuti lole ya feteleza yafika ku depoti. Uthengawo unafika m'mawa anthu akusesa. Panalibe amene anapempha chilolezo. Amayi anamanga zitenje, amuna anatulutsa njinga, ndipo bambo Mwavi nawo anavala chipewa chawo n'kunena kuti akukaona ngati ndi zoona. Manejala anaona kuti sangawaletse, nalamula kuti makina asayatsidwe tsiku limenelo, iye n'kukwera galimoto kupita ku boma.

Sellah analibe kopita. Kwa mfumu ya kuno dzina lake silinalembedwe chifukwa anali wobwera ndipo analibe munda. Ku Phalombe analichotsa chifukwa anachokako kalekale. Anatsala m'fakitale ndi matumba osokedwa dzulo amene anali asanayezedwe.

Anali asanamvepo nyumbayo ili chete masana. Malata ankalira okha ndi dzuwa, thetheka apa, thetheka apo. Nkhunda zinatsika pamitanda kudzatola mtedza wogwa. Anayesa kukoka thumba limodzi kuti alikweze pa sikelo, koma linamukanika.

"Dikirani, tigwirizane."

Anali Elliot. Anaika laputopu pansi, nagwira mbali ina ya thumba. Atalikweza Sellah analoza tabuleti, ndipo pasanathe n'kamphindi komwe inalira kuti yatumiza. Anakweza lachiwiri, inatumizanso. Lachitatu chimodzimodzi. Anagwira ntchito choncho mpaka thukuta linanyowetsa malaya a Elliot, ndipo tabuleti sinakane ngakhale kamodzi.

Elliot anakhala pathumba n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Matumba ndi omwewa. Malata ndi omwewa," anatero, ngati akudzilankhulira. "Chasintha n'chiyani?"

Anaimbira manejala kupempha kuti ayatse makina kwa kanthawi. Atavomerezedwa anapita kukadina batani lobiriwira, ndipo chimakina chija chinadzuka ndi mkokomo wake, nkhunda n'kuthawa.

"Yesani tsopano," anakuwa.

Sellah analoza pathumba. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira. Anapukusa mutu. Elliot anazimitsa, ndipo phokoso litangotha tabuleti inalira. Anayatsanso, nazimitsanso, ndipo zinali chimodzimodzi. Kenako anakwera makwerero, koma ulendo uno sanayang'ane kabokosi. Anatsatira ndi dzanja waya wopyapyala wochokera ku ofesi umene unkabweretsa netiweki ku kabokosiko. Wayayo anali womangidwa pamodzi ndi chingwe chachikulu cha magetsi a makina, kuyambira kukhomo mpaka pamtanda, ngati mtolo wa nkhuni.

Anatsika akuseka chapansipansi, fumbi lili mbuu kumutu.

"Masabata onsewa ndakhala ndikusaka m'mwamba, chonsecho vuto lili m'chingwe. Makina akayaka, magetsi ake amasokoneza kawaya kathu. Kabokosi kamaoneka kamoyo koma kumbuyo kwake kulibe kanthu. Anzanga amene anaika poyamba anafupikitsa ntchito, ndipo ine sindinaganizeko."

"Ndiye zitheka?"

"Zitheka. Ndidutsitsa waya wina m'paipi, khoma linalo, kutali ndi magetsi. Kabokosi ndikatsitsa pamzati uwu, pafupi ndi inu, m'chotchingira fumbi."

Dzuwa linali pamutu. Popeza panalibe wowaona, kapena popeza Sellah anatopa ndi kudyera kuseri kwa thanki, anamasula kansalu kake pomwepo. Munali chinangwa chophika ndi mango awiri. Elliot anatulutsa mabanzi ake. Anakhala pa mapulanga oikapo matumba, motalikirana pang'ono, chakudya chili pakati.

Elliot anafotokoza kuti akamaliza pano apita ku fakitale ya mpunga ku Nkhotakota, kenako kwina kumene adzamuuze. Mkazi wake Perpetua ankaphunzitsa ku Zomba. Anali ndi mwana wamwamuna amene anayamba kuyenda iye ali ku Mzuzu, n'kuyamba kulankhula iye ali ku Nchalo.

"Ndimamuonera pafoni," anatero. "Akandiona amagwira galasi, akuganiza kuti ndili m'katimo."

"Mumaonana nkhope?"

"Eya. Inu simuonana ndi a kwanu?"

Sellah anatulutsa kafoni kake ka mabatani, komangidwa ndi mphira, n'kumusonyeza. Ananena za Dorika. Ankalankhula naye mwa apo ndi apo, akakwera pachulu cha kuseri kwa mdadada pamene foni imagwira, koma mwanayo pafoni ankangoti eya, ayi, eya. Nkhope yake anali asanaione chichokereni.

"Kwanuko alipo amene ali ndi foni yaikulu?"

"Alamu anga, amuna awo a Ezelina. Amagula nandolo, ndiye ali nayo."

"Nambala mukuidziwa?"

Anaidziwa pamtima. Elliot anailemba, naimba kaye kuti afotokoze, kenako anadikira kuti alamuwo afike kunyumba kuchokera kumsika. Sellah anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, namanganso duku lake. Foni italira Elliot anamupatsa, namusonyeza kagwiridwe kake, iye n'kunyamula makwerero kupita kukhomo lalikulu.

Poyamba panaoneka denga la udzu ndi thambo. Kenako nkhope ya Ezelina, yonenepa kuposa kale, ikuseka ndi kufunsa mafunso ambiri nthawi imodzi. Kumbuyo kwake Sellah anaona mtengo wa mapeyala wa pakhomo pa mayi awo, ndi phiri. Anamva Ezelina akuitana.

"Dorika, bwera kuno. Bwera udzaone amayi a ku Kasungu."

Panabwera mtsikana wamtali, wometa, wovala yunifolomu ya buluu yothina m'mapewa. Mano ake akutsogolo anali akuluakulu, a munthu wamkulu. Anagwada pansi monga agwadira mwana kwa alendo, mpaka Ezelina anachita kutsitsa foni kuti aoneke.

"Muli bwanji?" anatero mwanayo.

"Ndili bwino, mwanangu. Wakula. Ukundidziwa?"

"Eya."

"Uli Sitandade chani tsopano?"

"Faifi."

Anayang'ana kumbali, kwa Ezelina, n'kunong'ona, koma foni inatola mawuwo. "Amayi, ndinene chiyaninso?"

Kuti Ezelina ndi amayi sizinamupweteke Sellah, pakuti mkulu wa mayi ako ndi mayi ako. Chinamulasa ndi kugwada kuja, ndi dzina lija loti amayi a ku Kasungu, limene linkamveka kuti ndi lozolowereka pakhomopo. Anafunafuna choti anene. Zonse zimene ankamuuza mwanayo mumtima akamayenda kupita kuntchito zinathawa.

"Kumeneko ndi kunyumba kwanu?" Dorika anafunsa, akuyang'ana milu ya matumba kumbuyo kwa mayi ake.

"Ayi, kuno ndi kuntchito. Ndimayeza mtedza."

"Wonsewo ndi wanu?"

"Ndi wa eni ake."

Mwanayo anagwedeza mutu. Wina anamuitana kuseri, mawu a mwana mnzake, ndipo maso ake anathamangira komweko. Ezelina anamuuza kuti atsanzike bwino. Anatsanzika mwaulemu, nadzuka, ndipo Sellah anaona miyendo yake yokha ikuthamanga kudutsa pabwalo. Ezelina anayamba kufotokoza za maliro a kumudzi ndi za mbuzi, koma chithunzi chinayamba kuima ndi kudukaduka kuchokera mbali ya kwawoko, mpaka chinazima.

Sellah anakhala ndi foni m'manja kwa kanthawi. Kenako anayenda fakitale yonse kukaibweza. Elliot anali akuyeza khoma ndi tepi.

"Mwamuona?"

"Ndamuona. Zikomo kwambiri, achimwene. Wakula."

Elliot anamuyang'ana nkhope, napinda tepi yake. Anabwerera limodzi kukamaliza matumba otsala.

Antchito anabwerera patapita masiku awiri, ambiri chimanjamanja. Anati ku depoti feteleza analipo wodzaza, koma foni ya kalaliki yojambulira zitupa inkakana netiweki, ndipo anthu anagona pamzere. Amayi ena anamuzungulira Elliot pageti kumupempha kuti apite akakonze kumeneko.

"Imeneyo si yanga, amayi," anatero. "Ine yanga ndi ya m'nyumba muno. Ya kumeneko ngakhale ine ndikanaima pamzere."

Sanamukhulupirire. Malita ananena mokweza kuti anthu ophunzira amathandiza okhaokha amene akuwafuna, ndipo ena anayang'ana kwa Sellah.

Ntchito yodutsitsa waya inatenga masiku atatu. Elliot anakhomera mapaipi apulasitiki khoma la kummawa, nalowetsamo waya watsopano wokhuthala, natsitsa kabokosi pamzati woyang'anana ndi sikelo ya kumapeto. Makina anayaka, fumbi linakwera, milu ya matumba inasuntha monga mwa masiku onse, koma tabuleti inkatumiza thumba lililonse nthawi yomweyo. Anakhalanso tsiku lina lathunthu akuyendayenda ndi laputopu kuti atsimikize. Bambo Mwavi anabwera, naima manja ali kumbuyo, naonerera matumba angapo akudutsa.

"Zayamba kuyenda," anatero, n'kubwerera. Za atsikana a pageti sanazitchulenso.

Elliot ananyamuka Lachisanu m'mawa ntchito ili m'kati. Anafika ku sikelo chikwama chili kumsana, ndipo amuna onyamula matumba anali pomwepo.

"Achemwali, ine ndapita. Ikadzavutanso auzeni a ku ofesi atiimbire."

"Mudzabwera ndinu?"

"Amatuma amene ali pafupi."

"Muyende bwino. Mukapereke moni kwa mayi a kunyumba ndi mwana."

"Ndikapereka. Mutsale bwino."

Anagwirana chanza mwachidule. Thumba lina linali kale pa sikelo, ndipo Sellah anatembenuka kuliloza. Atadzutsanso mutu anangoona msana wa Elliot ukukhota pa mulu wa matumba.

Kuyambira pamenepo panalibenso chomupititsa ku ofesi. Ankafika m'mawa, kulowa kumapeto kwake, n'kutulukako belu likalira. Amuna onyamula aja analibenso nthawi yokhala pansi. Masiku ena ankaweruka atangolankhula moni wa m'mawa basi. Miseche ija inatha yokha, popeza panalibenso choikolezera.

Mvula itakhazikika mu Disembala mtedza unatha ndipo fakitale inatseka kaye. Sellah anakwera basi ya ku Blantyre, kenako minibasi ya ku Phalombe, atanyamula diresi yachikasu, nsapato ndi shuga. Mumtima anali atatsimikiza kuti abwerera ndi mwana wake. Anali atafunsa kale malo ku sukulu ya pafupi ndi msika wa Chisemphere, ndipo anaganiza kuti mtundawo mwana wa msinkhu umenewo angathe kuyenda.

Kumudzi anamulandira bwino. Anapha nkhuku. Dorika anamutungira madzi osamba, nalandira diresi ndi manja awiri, koma nsapato zinamuchepera. Usiku mwanayo ankagona ndi ana a Ezelina, ndipo Sellah ankawamva akuseka kuseri kwa khoma. Masana Sellah ankamutsatira Dorika ndi maso akusewera fulaye, akukangana ndi anzake, akuyankha Ezelina mwamwano pang'ono monga achitira mwana kwa mayi ake. Kwa iye yekha ndi kumene mwanayo ankalankhula mofatsa ndi mogwada.

Tsiku lotsatira Khirisimasi anamuitana pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Dorika, ukufuna tipite limodzi ku Kasungu? Sukulu iliko. Tizikakhala awiri."

Mwanayo anayang'ana pansi. Anayamba kukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Misozi inagwera pa diresi yachikasu ija.

"Lankhula, sindikukalipira."

"Mukanena kuti ndipite, ndipita," anatero.

Sellah anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaganiza za kachipinda kake, za mdadada umene theka la nyumba zake linali lopanda anthu, za mwana akumudikira yekha pakhomo mpaka belu la fakitale.

"Ayi, tsala. Umalize sukulu konkuno. Ndimangofunsa."

Madzulo Ezelina anamuuza kuti wachita bwino, ndipo anamufunsa chifukwa chake iyeyo sangobwerera kumudzi. Sellah anayang'ana kamunda ka mayi awo kamene tsopano kankadyetsa banja la Ezelina lonse, ndipo anati aganizira.

Tsiku lonyamuka Dorika anamuperekeza ku msewu atasenza chikwama chake pamutu. Anayenda mpaka pa mlatho. Pamenepo mwanayo, osatembenuka, anafunsa ngati ku Kasungu kuli phiri.

"Lilipo limodzi, pafupi ndi boma. Koma kumene ndimakhala kulibe. Ndi minda yokhayokha."

"Ndiye mumadziwa bwanji kumene mukupita?"

"Umazolowera."

Minibasi itaima Dorika anatsitsa chikwama, namupatsa, n'kupempha mayi akewo kuti adzabwerenso nthawi ya nandolo. Sanagwade. Sellah anati adzayesetsa.

Anafika ku Chisemphere tsiku lotsatira masana, mvula ikuwaza. Pa siteji panalibe kabaza, choncho anayenda wapansi njira yodutsa m'minda. Fodya anali atafika m'mawondo, ndipo matenanti atsopano, anthu amene sankawadziwa, anali atawerama m'mizere akupalira. Mayi wina anadzutsa mutu n'kumupatsa moni, iye anayankha napitirira. Pakhomo pake anapeza chiswe chitamanga dothi kuchokera pansi mpaka pa loko. Anatola kamtengo, nachikokota chonse, natsegula kuti mulowe mphepo. Kenako anatenga ndowa n'kupita ku mjigo kusanade.